Boma la Italy Linachita Bwino Kuletsa Zombo Zazikulu ku Venice

Mzinda wa Venice, m'dziko la Italy, unamangidwa pa tizilumba 118 m'kati mwa thamanda la madzi a m'nyanja. M'malo mwa miseu muli ngalande, ndipo milatho yake iposa 400. Galimoto siyenda m'menemo; wodwala, maliro, ngakhale thumba la ufa, zonse zipita pa bwato. Mlendo wofuna kuona nyumba zamakedzana akwera gondola, ngalawa yakuda imene munthu mmodzi apalasa ali chiimire, kapena vaporetto, imene iri ngati basi ya pamadzi, natsata Canal Grande, ngalande yaikulu ya makilomita pafupifupi 4.

Tsono kukongola kumeneku ndiko kunaitana bvuto. Zombo zazikulu zonyamula alendo zikwizikwi zinayamba kudutsa pakhomo penipeni pa bwalo la San Marco, zikubvundula matope ndi kukankhira madzi ku maziko a nyumba zimene ziri pa nsanamira zamitengo. Pa 2 June 2019 chombo cha MSC Opera chinagunda doko ndi bwato lina m'ngalande ya Giudecca, anthu ena nabvulala. Chotero Boma linalamula kuti kuyambira pa 1 August 2021 zombo zoposa matani 25,000 zisadutsenso njira imeneyo. M'chaka cha 2024 akuluakulu a mzinda anayambanso kulipiritsa ma euro 5 kwa alendo obwera ndi kubwerera tsiku lomwelo, pa masiku a piringupiringu.

Alipo amene adandaula kuti malamulowa achotsa chakudya pakamwa pa anchito a padoko ndi eni masitolo. Dandaulo lawo nlomveka ndithu, pakuti mzindawo udya za alendo. Koma iwo ayenera kuwerenganso anthu. M'chaka cha 1951 m'kati mwa Venice munali kukhala anthu pafupifupi 175,000. Pofika 2022 anali osakwana 50,000. Nyumba zambiri zasanduka zogonamo alendo, mitengo ya lendi yakwera, ndipo mabanja asamukira kumtunda ku Mestre. Akulu anati mlendo ndi mame. Dzuwa likakwera iye apita, koma wokonza khoma ndi kuchotsa matope m'ngalande ndiye mwini mudzi.

Kulinso nkhani ya chigumula. Pa 4 November 1966 madzi anakwera masentimita 194, ndipo pa 12 November 2019 anafika 187. Boma linataya chuma chambiri pomanga zitseko 78 za MOSE zotsekereza nyanja, zimene zinatchinjiriza mzindawo koyamba pa 3 October 2020. Kukadakhala kupusa kutsekera nyanja kunja pa mtengo wotere, kwinaku nkulola zombo kugumula maziko m'kati.

Palibe amene waletsa mlendo kuona Venice. Chimene Boma lafuna nchakuti abwere pa bwato loyenera ngalande zake, ndi kuti pofika apeze eni mzinda akali m'nyumba zawo.