Kiyibodi ya pakhomo: musanatulutse ndalama ya mbatata

Lachitatu lina mwezi wathawu, titatuluka m'mapemphero a pakati pa sabata, mayi wina wa Dorika anandiimitsa panja pa tchalitchi. Ndinkayesa kuti akufuna ndiwayeze BP monga mwa masiku onse, koma nkhani inali ina. "Amayi a zaumoyo, mnyamata wanga uja wandisowetsa mtendere, akufuna kiyibodi. Mbatata tagulitsa, ndalama ilipo, koma ndi yomweyo timati tigulire feteleza. Ndigule kapena ndisiye?"

Ndinawapempha kuti tikhale pansi, chifukwa funso limeneli ine linandipeza kale ndipo ndinaliyankha molakwika. Zaka zingapo zapitazo mwana wathu wachisamba atayamba kuimba m'kwaya ya achinyamata, ndinakwera minibasi kupita ku Lilongwe ndekha, osafunsa munthu. M'sitolo ina ndinaona kiyibodi yowala, ya timagetsi tothwanima, yokhala ndi maikolofoni yake, mtengo wake wotsika. Ndinalipira. Kufika nayo kunyumba, mnyamata amene amaimba ku tchalitchi kwathu anangoikapo dzanja n'kundiuza mwaulemu kuti ndagula chidole. Makiyi ake anali aang'ono, ukadina anayi pamodzi ena sankalira, ndipo dzina lolembedwapo linkasiyana ndi la kampani yodziwika pa chilembo chimodzi chokha. Sinathe mwezi, adaputa inapsa. Akuluakulu sananame, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Wina angadabwe kuti nkhani ya kiyibodi ikufuna chiyani pa tsamba la zaumoyo. Ine ndikuona kuti ndi pake. Pakhomo pamene anthu amaimbira limodzi polandira Sabata Lachisanu madzulo pamakhala mtima wina. Pa 1 Samueli 16 timawerenga za Davide amene ankaimbira Sauli zeze mtima wa mfumuyo ukavutika, ndipo inkapeza bwino. Komanso mwana amene ali ndi chomukhazika pakhomo madzulo sapezeka m'nyumba zoonetsa mafilimu pa msika. Koma ngongole nayonso ndi nkhani ya zaumoyo. Ndayeza BP ya anthu ambiri amene sagona chifukwa cha katapila, ndipo sindingakondwe kuti wina alowe m'gulu limeneli chifukwa cha choimbira.

Werengani makiyi, muwayezenso

Choyamba kuyang'ana ndi makiyi. Piyano yathunthu imakhala ndi makiyi 88. Kiyibodi zonyamula m'manja zimabwera ndi makiyi 49, 61 kapena 76, ndipo zina zazing'ono kwambiri n'zosewerera ana. Kwa wophunzira, 61 ndi yokwana. Imeneyi ili ndi makiyi oyera 36 ndi akuda 25, kutanthauza kuti mungayende kasanu kuchoka pa do kufika pa do wina. Nyimbo za mu Khristu mu Nyimbo zimaimbidwa m'mawu anayi, soprano, alto, tenor ndi bass, ndipo onsewo amakwanamo bwino, dzanja lamanzere kumunsi, lamanja kumtunda. Ya makiyi 49 imayamba kupanikiza mwana akangoyamba kuimba ndi manja awiri. Ya makiyi 88 olemera ngati a piyano ndi yabwino zedi, koma ndi yodula, imapitirira makilogalamu 10, ndipo zambiri za mtundu umenewu sizilola mabatire. Ya makiyi 61 nthawi zambiri imalemera pakati pa makilogalamu 3 ndi 5, moti mwana atha kuinyamula kupita nayo ku kwaya kapena ku msonkhano wa misasa.

Popita kogula, tengani rula ya mwana wa sukulu. Yezani makiyi oyera asanu ndi awiri oyandikana. Akakhala a msinkhu woyenera, amakwana pafupifupi masentimita 16. Akachepa kwambiri pamenepa, isiyeni. Zala zikazolowera makiyi aang'ono, tsiku loti mwana akaimbe pa kiyibodi ya tchalitchi azidzangophonya.

Chachiwiri ndi chimene pa bokosi amalemba kuti touch response kapena touch sensitive. Kuyesa kwake n'kosavuta: dinani kiyi imodzi pang'onopang'ono, kenako idineni mwamphamvu. Ngati mawu atuluka chimodzimodzi, ndiye kuti ilibe. Ngati poyamba alira motsitsa, kachiwiri mokweza, ilinayo. Izi n'zimene zimaphunzitsa mwana kuti nyimbo ya mgonero ndi nyimbo yotsegulira Sukulu ya Sabata siziimbidwa ndi dzanja limodzimodzi. Mwachitsanzo, Yamaha PSR-E273 ilibe koma PSR-E373 ilinayo. Casio CT-S200 ilibe koma CT-S300 ilinayo. Zonse zinayi ndi za makiyi 61. Sindikutsatsa malonda a kampani iliyonse, ndangofuna muone kuti ziwiri zooneka ngati mapasa zimatha kusiyana pa chinthu chofunika. Ngati thumba likulola, onjezerani pang'ono mutenge yomva dzanja.

Ogulitsa amakonda kutchula kuchuluka kwa mawu, kuti iyi ili ndi mawu mazanamazana, malipenga, ng'oma ndi zina. Pakhomo mudzagwiritsa ntchito awiri kapena atatu: piyano, limba la m'tchalitchi, mwina ndi zingwe. Mverani amenewo basi. Kenako yang'anani kumbuyo ngati kuli pobayira mahedifoni ndi pobayira chopondera cha phazi chimene chimatalikitsa mawu.

Magetsi a kwathu kuno

Tonse tikudziwa kuti magetsi a ESCOM amathima, ndipo midzi yambiri ya ku Bembeke, Linthipe ndi Mayani ikudalira sola. Choncho funsani ngati kiyibodiyo imalola mabatire. Zambiri za makiyi 61 zimatenga mabatire asanu ndi limodzi a AA. Otchajanso amadula pogula koma amapulumutsa ndalama m'kupita kwa nthawi. Mukaisunga masiku ambiri osaimba, chotsanimo mabatire, chifukwa akadontha amadya tizitsulo ta m'kati.

Adaputa ndiyo imapha kiyibodi zambiri. Ya Yamaha zazing'onozi imatulutsa mavoti 12, ya Casio zatsopano 9.5. Ngakhale kamutu kake katalowa bwino pabowo, si umboni woti ndi yake, chifukwa ma adaputa ena amayendetsa moto mosemphana. Musabwereke ya wailesi kapena ya dikoda. Musalumikizenso kiyibodi mwachindunji ku batire la sola, pakuti likamatchajidwa masana mphamvu yake imatha kukwera kufika mavoti 14. Magetsi akathima zulani pakhoma, mubayenso akabwera n'kukhazikika. Nyengo ya mvula, ziphaliwali zikayamba, zulaninso.

Ambiri a ife tili ndi abale ku Joni amene amatumiza katundu pa basi. Ngati ndi njira imene mwasankha, auzeni dzina ndi nambala yeniyeni ya kiyibodi, atumize pamodzi ndi adaputa yake, m'bokosi lake. Kumbukirani kuti pulagi ya ku South Africa ndi ya mano ozungulira pamene soketi zathu ndi za mano atatu a ngodya, ndiye mudzafunika cholumikizira chabwino. Musakanikize mawaya ndi timitengo ta machesi. Nyumba zapsa ndi zimenezi. Muwerengeretu ndalama yonyamulira ndi msonkho wa pa chipata. Mitengo sinditchula, chifukwa chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa katundu wochokera kunja sukhalitsa malo amodzi. Funsani m'masitolo atatu musanasankhe.

Yogwiritsidwa kale ntchito si yoipa, bola muiyese. Pitani ndi munthu wodziwa kuimba. Adine kiyi iliyonse, yoyera ndi yakuda, kuyambira kumanzere mpaka kumanja. Akweze mawu amve ngati sipika ikunjenjemera, agwedeze waya wa adaputa aone ngati ikuzima, atsegule posungira mabatire aone ngati pali dzimbiri. Wogulitsa akamakana kuti muiyese, bwererani ndi ndalama yanu.

Kuzizira, fumbi ndi mphemvu

Dedza ili pamtunda, ndipo nkhungu ya Juni ndi Julayi imalowa mpaka m'nyumba. Chinyezi sichigwirizana ndi zamagetsi. Musaike kiyibodi pansi pa simenti kapena kuitsamiritsa ku khoma lonyowa. Isakhalenso kukhitchini, chifukwa utsi ndi phulusa zimalowa pansi pa makiyi. Nyengo yotentha mdani ndi fumbi. Chitenje choyera chovindikira chimakwanira. Ana asadyerepo chigumu kapena mbatata, pakuti nyenyeswa zimaitana nyerere ndi mphemvu, ndipo mphemvu zikamanga m'kati zimawononga mawaya.

Thupi la woimbayo

Apa ndiye pa ntchito yanga. Mwana asaimbe atakhala pa mphasa kiyibodi ili pamiyendo, kapena atawerama pa katebulo kakafupi. Akhale pa mpando, msana uli chilili, mapazi akugunda pansi, mikono kuchokera pa chigongono kufika pa dzanja ili yopingasa. Kiyibodi ikakwera kwambiri mapewa amauma, ikatsika kwambiri msana ndi khosi zimapweteka. M'mawa wozizira ayambe wafunditsa manja, powatikita kapena kuwaviika m'madzi ofunda. Ndipo chonde, musamutsekere m'chipinda ndi mbaula yamakala kuti afunde pophunzira. Mpweya wa makala sununkha koma umapha. Juzi ndi zenera lotsegula pang'ono n'zabwino kuposa mbaula.

Mahedifoni amathandiza kuti agogo agone mwana akuphunzira, koma asamale makutu. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, WHO, limachenjeza kuti achinyamata oposa 1 biliyoni ali pa chiopsezo chogontha chifukwa chomvera zinthu mokweza kwambiri, ndipo khutu likawonongeka ndi phokoso silibwerera. Muyeso wosavuta ndi uwu: mukamulankhula muli pafupi iye osakumvani, atsitse. Akavula mahedifoni m'makutu mukulira, wapyola muyeso.

Mphindi 20 kapena 30 tsiku lililonse zimapindula kuposa maola atatu tsiku limodzi. Homuweki ndi ntchito zapakhomo ziyambe, kiyibodi ibwere pambuyo, ndipo nthawi yogona isasinthe.

Chenjezo lina ndi la mabatani awiri amene achinyamata amawakonda. Loyamba ndi loimbitsa ng'oma ndi magitala zokha, munthu akungodina ndi chala chimodzi. Limasangalatsa, koma mwana akayambira pamenepo amatha chaka asakudziwa kuimba nyimbo imodzi ndi manja ake. Lachiwiri ndi transpose, lokweza kapena kutsitsa nyimbo yonse. Ndi lothandiza pamene nyimbo yakwerera mpingo, koma ndaona anyamata odziwa kuimba mu kiyi imodzi yokha chifukwa chodalira batani limeneli. M'mera mpoyamba. Miyezi yoyambirira mwana aphunzire ndi mawu a piyano okha, ng'oma zili zozimitsa. Ubwino wake ana athu ambiri amadziwa kale do re mi kuchokera ku kwaya, ndiye sayambira patali.

Zimene ndinawayankha mayi aja

Ndinawauza kuti ndalama ya feteleza ndi nsima ya chaka chamawa, isakhudzidwe. Ambuye Yesu pa Luka 14 anaphunzitsa kuti wofuna kumanga ayambe wakhala pansi n'kuwerengera mtengo. Ndinawauzanso kuti ayambe ayesa mtima wa mnyamatayo, chifukwa ana ena amalirira chinthu miyezi iwiri kenako n'kuchiiwala pansi pa bedi. Tinapita limodzi kwa akulu a mpingo kukapempha kuti azimulola kuphunzira pa kiyibodi ya tchalitchi kawiri pa sabata, woimba wathu ali pomwepo. Anavomera. Kunyumba wajambula makiyi 61 pa katoni, pa muyeso wake weniweni, ndipo amayesererapo zala madzulo.

Bambo ake, amene poyamba ankati zonsezi n'kutaya ndalama, amupatsa mizere ingapo kudimba kuti adzalemo mbatata yakeyake. Agwirizana kuti akakolola, pa ndalamayo achotse chakhumi, yotsalayo asunge, ndipo makolo adzaonjezera ngati pofika nthawiyo adzakhale akutha kuimba nyimbo zitatu ndi manja awiri. Mayi aja andiuza sabata yatha kuti yoyamba waitha, ngakhale dzanja lamanzere likumachedwa.

Mwezi wamawa tidzakambirana za chifuwa cha ana m'nyengo yozizira, ndi zizindikiro zoti musadikirenso koma muthamangire ku chipatala. Ambuye adalitse makomo anu.