Kadontho kofiira kapena kobiriwira: mtsutso wa alonda a ku Cape Town

Pakati pa Amalawi, Azambia ndi anthu a ku Tete amene amadya za ulonda ku Cape Town pamabuka mtsutso wina umene kumudzi sungamveke msanga. Nkhani yake ndi ya kachipangizo kamene amamangirira kunsi kwa mpope wa mfuti, kotulutsa kuwala kowongoka ngati ulusi, n'kukaika kadontho pamalo pamene chipolopolo chiyenera kukafika. Pa Chingerezi amati laser. Liwuli ndi bwino kulisiya momwemo, pakuti kulilemba kuti "leza" kungaligundanitse ndi Leza wa makolo, mwini uta uja umaoneka mvula ikamakata. Ogulitsa ali ndi mitundu iwiri, wofiira ndi wobiriwira ngati msipu, ndipo wogula amafuna kudziwa wopambana.

Funsoli lili ndi yankho, ndipo yankho lake lili m'diso la munthu. Masana diso limamva kwambiri kuwala kwa pafupi ndi mananomita 555, kumene kuli pakati pa kubiriwira ndi chikasu. Laser yobiriwira imatulutsa kuwala kwa mananomita 520 kapena 532, pafupi kwambiri ndi pamenepo. Yofiira imakhala kutali, pa 635 mpaka 650. Zambiri zogulitsidwa kwa anthu wamba sizipitirira mphamvu ya mamiliwati 5, choncho ziwirizi zikakhala zofanana mphamvu, kadontho kobiriwira kamaoneka kowala koposa kanzake. M'dzuwa la Disembala ndi Januwale, pa makoma opaka laimu ndi pa mchenga woyera wa ku Cape Flats, kadontho kofiira kamazimirira munthu asanataye mtunda. Woperekeza galimoto yonyamula ndalama masana, kapena wothamangira kunyumba kumene alamu yalira dzuwa lili paliwombo, ali ndi chifukwa chomveka chokondera wobiriwira.

Koma kuwalako kuli ndi mtengo wake. Laser yobiriwira ndi yodula ndipo imadya batire msanga. Ya mtundu wakale wa 532 imapanga kuwala kwake molambalala: kuwala kosaoneka kwa mananomita 808 kumadutsa m'kamwala kapadera n'kusanduka kwa 1064, kenako kamwala kena n'kukudula pakati. Tizigawo tochuluka chotero sitigwirizana ndi kuzizira kapena kugwedezeka. Za 520 zimene zabwera pambuyo zachepetsa vutoli, ngakhale njala ya batire sinatheretu. Ndipo nyengo yozizira ya ku Cape Town, ya mvula ya Juni ndi Julayi, ili ndi msampha wina. Nkhungu ikatsika kuchokera kunyanja cha ku Milnerton ndi Table View, kuwala kobiriwira kumaoneka konse ngati chingwe, kuyambira pa kadontho mpaka m'manja mwa mwini mfuti. Mbava yobisala kuseri kwa mpanda imaona pamene mlonda waima, iye asanaione.

Alonda ambiri olankhula Chichewa amagwira usiku. Kwa iwowa wofiira ndi wokwanira: mumdima amaoneka bwinobwino pa mtunda umene mfuti yam'manja imagwira ntchito, batire yake imakhalitsa, ndipo ndalama yotsala ikhoza kupita kwina. Kupatulapo ndi amene maso awo sasiyanitsa bwino kufiira ndi kubiriwira, vuto lobadwa nalo lopezeka kwambiri mwa amuna. Ena mwa iwo amaona kufiira mozilala, ndiye ayenera kuyesa mitundu yonse iwiri asanatulutse khobidi.

Chovuta n'chakuti mtsutso wa mitunduwu umaphimba chinthu chachikulu. Laser siunikira. Imasonyeza kumene mfuti yaloza, osati amene yamuloza. Kadontho kakagwa pa chifuwa cha munthu usiku wakuti magetsi azima, sikanena ngati ndi wakuba, mwana wa bwana wobwera mochedwa, kapena mlonda mnzake amene anapita kukataya madzi kuseri. Dziko lonse la South Africa likukumbukira za pa 14 February 2013, pamene Oscar Pistorius anawombera kanayi pa chitseko chotseka cha chimbudzi ku Pretoria n'kupha Reeva Steenkamp. Iye anauza khoti kuti ankayesa ndi wakuba. Palibe kadontho ka mtundu uliwonse kakanamuuza amene anali kuseri kwa chitsekocho.

Ku Dunoon, ku Masiphumelele ndi ku Imizamo Yethu, kumene abale ambiri ochokera kumudzi amachita lendi, nkhaniyi ndi yoopsa koposa. Nyumba ndi za malata ndi matabwa, zogundana msana ndi msana. Kuwala kwa laser kumathera pa lata, koma chipolopolo cha 9mm chimaboola n'kupitirira kukalowa m'chipinda chimene mwagona mayi ndi khanda lake. Kadonthoko kamapatsa munthu chikhulupiriro chabodza chakuti pamene kaima ndi pamene zinthu zithere. N'chifukwa chake mlonda wokhala ndi ndalama ya chinthu chimodzi angachite bwino kugula tochi yamphamvu. Tochi imaonetsa nkhope ndi manja, ndipo nthawi zambiri kuona manja opanda kanthu ndiko kumabweza chala pa chokhethemulira.

Palinso za luso. Laser imakhala pansi kapena pambali pa mpope, kotero kadontho ndi chipolopolo zimakumana ndendende pa mtunda umodzi wokha umene mwini wake anatchera. Kachipangizoko kakagunda pachitseko cha galimoto kamasuntha mwakachetechete. Ndipo kadontho kamavina ndi dzanja: munthu wogwidwa mantha amakaona kakulumphalumpha pakhoma, n'kumataya nthawi akukasaka m'malo moyang'ana chimene chili patsogolo pake. Amene sanazolowere kuchalira ndi timano tachitsulo ta pamwamba pa mfuti amasanduka wakhungu tsiku limene batire yafa. Ndalama yosiyanitsa wobiriwira ndi wofiira ikanagula zipolopolo zophunzirira kumalo ovomerezeka, ikanabweza phindu looneka.

Ena amati kadontho kokha kamathamangitsa mbava popanda kuwomba, monga amaonera m'mafilimu. Mwina nthawi zina zimatero. Koma kuti kadontho kafike pa munthu, mfuti iyenera kukhala itamuloza, ndipo lamulo la mfuti la South Africa, Firearms Control Act la chaka cha 2000, limati kuloza munthu mfuti popanda chifukwa chomveka ndi mlandu, kaya muli zipolopolo kaya mulibe. Wounikira anyamata ongodutsa pamsewu pofuna kuwaopseza wapalamula kale, ngakhale sanawombe.

Lamulo lomwelo ndilo liyenera kutsogola mtsutso usanayambe. Chiphaso chotsimikiza kuti munthu ndi woyenera kugwira mfuti chimaperekedwa kwa nzika ya dzikolo kapena kwa mlendo wokhala ndi chilolezo chokhazikika, ndipo kawirikawiri azikhala wa zaka 21 kapena kuposa. Bungwe la PSIRA, loyang'anira makampani a zachitetezo pansi pa lamulo la 2001, nalonso limafuna unzika kapena chilolezo chokhazikika polembetsa mlonda. Mfuti ya pantchito ndi ya kampani, ndipo mlonda sangangoimangirira zimene wagula yekha bwana asakudziwa. Apa ndi pamene ambiri mwa otsutsana za mitundu aja amagwa, chifukwa pasipoti yodindidwa masiku 30 pa Beitbridge siipatsa munthu ufulu wogwira mfuti ya mtundu uliwonse.

Wina anganene kuti lamulo ndi lamulo, koma zigawenga za ku Nyanga, Delft ndi Philippi sizifunsa ziphaso, ndipo boma lenilenilo lalephera kusunga mfuti zake. Mawuwa ali ndi choonadi chowawa. Mu 2016 khoti linagamula Christiaan Prinsloo, yemwe anali mmodzi wa akuluakulu a apolisi, kukakhala kundende zaka 18 chifukwa chogulitsa mfuti pafupifupi 2,000 zimene zinayenera kuphwanyidwa, ndipo zambiri zinathera m'manja mwa magulu a zigawenga a ku Cape Flats. Mu Julayi 2019 zinthu zinafika poti asilikali anatumizidwa kukathandiza apolisi m'madera amenewa. Mantha a mlonda woima pageti ndi chibonga chokha si ongopeka.

Komabe manthawo ndi amene mabwana ena osaongoka amadyerapo. Amalemba mlendo wopanda mapepala chifukwa ndi wotchipa ndiponso sadandaula, n'kumupatsa mfuti imene chiyambi chake sichidziwika, mwinanso yokongoletsedwa ndi kadontho kowala kuti aoneke wa ntchito zenizeni. Tsiku limene mfutiyo yalira, bwana amati munthuyu sakumudziwa. Mlonda amakagona ku Pollsmoor ndi milandu iwiri kapena itatu, wa mfuti, wa zipolopolo ndi wa mapepala, ndipo akadzamaliza chilango amadzadikira basi ku Lindela. Ku Mangochi, ku Chipata kapena ku Ulongwe, mkazi wake amayang'ana foni mwezi ukatha, uthenga wa ndalama osabwera.