ZA UMOYO WATHU: Mwana akukhuta nsima, nanga bwanji sakukula?

Amai ena a ku Airport mu Livingstone, monganso anzao a kumidzi, amadandaula kuti mwana amadya phala ndi nsima tsiku liri lonse koma sanenepa. Cifukwa cimodzi ciri m'cimanga momwemo.

Mnofu, magazi ndi tsitsi zimamangidwa ndi maproteni. Proteni ali ngati mikanda yotungidwa pa ulusi, ndipo mikandayo ndiyo ma amino acid, a mitundu 20. Uli wonse uli ndi carbon, hydrogen, oxygen ndi nitrogen. Thupi limadzipangira mitundu 11, koma 9 iyenera kucokera m'mbale. Umodzi ukacepa, nchito yomanga thupi imatsalira ngakhale ina yonse ilipo.

Cimanga n'cosauka pa mitundu iwiri, lysine ndi tryptophan. Nyemba, khobwe, soya, mazira ndi kapenta wa ku Kariba ziri ndi lysine wambiri. Sinjani kapenta, muthire m'phala. Cizolowezi cija copatsa abambo ndiwo zonse, mwana n'kumuthirira msuzi wokha, ife siticivomereza konse.

Mukaona mapazi a mwana akutupa, tsitsi likufiira ndi kuthothoka, musacedwe, pitani naye ku cipatala.