MLENDO NAYENSO AMVEDWE ASANAPITIKITSIDWE

Anzanga a ku Katete, Sinda ndi Vubwi, caka ndi caka pa Kulamba timaona Acewa a ku Malawi ndi Mozambique akudza ku Mkaika kudzalambira Kalonga Gawa Undi pamodzi nafe. Tidziwa tsono kuti malire alekanitsa maiko, koma umunthu ndi umodzi. Tinaonanso nkhondo ya RENAMO pamene abale athu anathawira kuno, ndipo Boma linawatsegulira malo ku Ukwimi mu 1987.

Masiku ano msewu wa Great East ndi wa Katete-Chanida upita alendo ena, ambiri ocokera ku Ethiopia, olinga ku South Africa. Mu December 2022 mitembo 27 ya anthu oganiziridwa kuti ndi a ku Ethiopia inapezeka itatayidwa ku Ngwerere pafupi ndi Lusaka. Amene agwidwa amoyo amaimirira m'khoti osamva Cingerezi kapena Cinyanja, ndipo munthu wotere angavomere mlandu umene sanaumvetse.

Lamulo la Othawa Kwao la 2017 liletsa kubweza munthu kudziko kumene akazunzidwa. Koma khoti lidzasiyanitsa bwanji wothawa nkhondo, wonyengedwa ndi ozembetsa anthu, ndi wolowa mwacinyengo, ngati palibe womulankhulira? Apa ndipo Legal Aid Board, bungwe la Boma lopereka maloya kwa osauka, liyenera kufika.

Ena afunsa kuti, "Msonkho wathu ulipirirenji mlendo pamene eni dziko asowa loya?" Funso ili ndi loona. Koma loya satsegula malire. Wopanda cifukwa cokhalira muno adzabwezedwabe kwao, ndipo adzapita msanga m'malo mokhala miyezi m'ndende akudya nsima ya msonkho womwewo. Ngakhale pabwalo la mfumu sagamula mlandu mbali imodzi isanalankhule.

Lamulo la 2021 livomereza athandizi ophunzira malamulo amene sali maloya. Tipempha Boma kuti liwaike, pamodzi ndi omasulira, m'maboma athu atatuwa, kuti athandize mlendo ndi mlimi wa kuno yemwe, osadikira wocokera ku Chipata.

Inu anyakwawa, mukapeza mlendo wosocera musamumenye, musamubisenso. Mpatseni madzi, ndipo mum'pereke kwa apolisi. Ana athu ambiri ali ku South Africa, ena opanda zikalata. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.