Nsangwe Si Ufa Wotayika

Pa chionetsero cha zithunzi chimene tidachita muholo mwezi wathawu, ine ndidapachika chithunzi chimodzi chokha, cha Nsangwe, chimene ndidajambula kwathu ku Neno, kumtunda kwa Dambe, usiku wina mvula itakata. Mkulu wina wophunzira kwambiri, amene dzina lake ndilisunga, adaima patsogolo pake, navula magalasi, nafunsa kuti, "Kodi ameneyu ndi ufa wotayika pansalu yakuda?" Anthu adaseka, inenso ndidaseka nao kaamba ka ulemu. Koma mnzanga wina wa chaka chachitatu adaonjeza mau amene andikanika kumeza mpaka lero. Akuti munthu wochokera ku boma losauka ngati Neno alibe chifukwa chotayira nthaŵi pa nyenyezi, popeza zimenezo nza Azungu okhuta. Ameneyu ndiye ndifuna kumuyankha, pamodzi ndi onse amene adagwedezera mitu.

Tiyeni tiyambe takumbutsana zimene zidali pakhoma paja. Panali magetsi a mu Victoria Avenue ku Blantyre. Panali dzuŵa likuloŵa panyanja, kasanu konse, ngati kuti m'dziko muno limangoloŵera ku Mangochi. Za ku Neno zidalipo zitatu, ndipo zonse zidayamikiridwa: lole yotitimira m'matope, mai wodwala atagona pakhonde, ndi mwana wausiŵa ataima pambali pa matumba a makala pa Zalewa. Tsono ndifunse, mnzanga: pa zithunzi zonsezi, chimene tidaphunzira kwa alendo ndi chiti? Chithunzi cha mwana wausiŵa ndicho chakhala chikutuluka m'dziko muno zaka zambirimbiri, kupita m'makalata opemphera thandizo. Mwanayo sadafunsidwe, amake sadafunsidwe, ndipo sadzachiona nkomwe. Inu mwangotenga kamera m'manja mwa mlendo nkupitiriza kuyang'ana abale anu ndi maso a mlendo yemweyo, kenaka nkumatcha zimenezo kukonda anthu.

Mapiri amene ndidaimapo usiku uja pamapu amatchedwa Kirk Range. John Kirk adali dokotala pa ulendo wa David Livingstone wa m'Zambezi ndi m'Shire, kuyambira 1858 mpaka 1863, ndipo ankajambula zithunzi mwa kukonda kwake chabe. Mlendo adajambula, dzina lake lidatsala pamapiri athu. Nanga ife eni? Tidali naye Mungo Chisuse wa ku Mishoni ya Blantyre, amene adajambula John Chilembwe, koma ndi angati pano pakoleji amene adamvapo dzina lake?

Ndipo kunena kuti nyenyezi nza Azungu ndi umbuli wovala jekete. Nsangwe ndi dzina lathu. Nthanda, Mlalang'amba ndi Akamwiniatsatana ndi maina athu. Pamene ankamasulira Buku Lopatulika, limene lidatuluka mu 1922, sadasoŵe mau a nyenyezi za m'buku la Yobu. Adaŵapeza pakamwa pa anthu akumudzi. Makolo athu sakadataya nthaŵi kutcha maina zinthu zimene sadali kuziyang'ana. Ngakhale mbiri yathu idalembedwa kumwambako: timadziŵa kuti Angoni a Zwangendaba adaoloka Zambezi mu Novembala 1835 chifukwa akuluakulu adasunga m'mutu kuti tsikulo kudachita kadamsana, ndipo odziŵa zakuthambo adaŵerengera mobwerera nalipeza tsikulo. Pa anthu onse amene tidali muholo muja, ndi madigiri athu, ndikaika ngati tikadakwana asanu otha kuloza Akamwiniatsatana ndi chala. Agogo anga, amene sadapondeko m'kalasi, ankatero kwinaku akusenda chinangwa.

Ufa wotayikawo ndi chiyani? Ndi gulu la nyenyezi zoposa 1,000 zimene zidabadwira pamodzi, ngakhale diso limaona zisanu ndi imodzi kapena ziŵiri. Galileo ataloza galasi lake kumeneko adaŵerenga zoposa 30, nazilemba mu 1610. Kuŵala kwake kumayenda zaka zoposa 400 kuti kudzafike kuno. Kumene kudaloŵa m'kamera mwanga kudanyamuka m'masiku a ufumu wa Kalonga. Ndipo kummwera, cha kufupi ndi nyenyezi zinai zija zooneka ngati mtanda, kuli gulu lina lotchedwa Omega Centauri, la nyenyezi mamiliyoni, limene munthu wa ku London sangalione ngakhale atagula galasi la mtengo wotani, chifukwa kwao silituluka. Ku Neno, madzulo a mwezi wa Meyi, limakhala pamwamba ngati kadontho ka utsi, lopenyeka ndi diso lokha.

Musati ndi ntchito ya anthu a ndalama ai. Mu 1882 David Gill, wa ku nyumba yopenyera nyenyezi ya ku Cape Town, adachita kubwereka kamera wamba kwa wojambula wina wa m'tauni kuti ajambule nyenyezi yamchira, ndipo atadabwa ndi kuchuluka kwa nyenyezi zimene zidatulukira kumbuyo kwake, adayamba kupanga mapu a thambo ndi zithunzi. Inenso yanga idali yobwereka. Ndidaikhazika pamtondo wovundikira, nkuitsamiritsa ku thumba la nyemba, nkuitsekula masekondi 15. Mukapitirira kwambiri pamenepo nyenyezi zimasanduka timizere, popeza dziko likuzungulira. Mwezi uyenera kukhala uli mumdima, ndipo miyezi ya Seputembala ndi Okutobala njovuta chifukwa cha utsi wa tchire. Ndidalephera kanai konse, dzanja likunjenjemera ndi chisanu cha ku Dambe. Kuona maso a nkhono nkudekha. Masiku ano ngakhale mafoni ena amene mumajambulira nsapato zanu zatsopano amatha kugwira ntchitoyi.

Pali chimodzi chimene ndikuvomerezani musananene. Thambo la ku Neno limaŵala chotero chifukwa midzi yambiri ili mumdima, ndipo mdima umenewo si mphatso. Magetsi a pa Nkula, pa Shire m'malire mwathu mwenimweni, akhala akuyenda pa nthambo kuyambira 1966 kukaunikira matauni, kudutsa pamwamba pa ana oŵerengera koloboyi. Ine sindifuna kuti mlongo wanga aziŵerengera koloboyi kuti chithunzi changa chikongole. Magetsi abwere. Koma pomwepo mpamene pali chifukwa chojambulira lero, chifukwa atabwera, mwana wa ku Neno adzakhala ngati wa ku Ndirande, amene amamva za Mlalang'amba m'buku. Ndipo chithunzi cha mudzi wakuda bii pansi pa nthambo za magetsi, nyenyezi zili ngwee pamwamba, chimatsutsa olamulira kuposa mwana wausiŵa uja, amene adazoloŵera kale kumuona.

Ndi chimodzimodzi mitengo. Inu mudajambula matumba a makala chifukwa ali m'mbali mwa mseu wa tara, pamene basi imaima. Ndani adakwera kukajambula tsanya ndi mombo zisanagwe? Ndani ali ndi chithunzi cha Lisungwi kapena Mkulumadzi cha zaka 20 zapitazo, choti tiike pambali pa cha lero nkuona chimene tataya? Neno adakhala boma paokha mu 2003, ndipo chimbale cha zithunzi zake chikusungidwa m'maofesi a mabungwe, chodzaza ndi odwala.

Tchuthi cha Juni ndibwereranso kumtunda, Mlalang'amba ukakhala uli pakati pamutu. Amene afuna atsagane nane, atenge bulangete ndi kope, pakuti ntchito yoyamba sidzakhala kujambula koma kukhala pansi ndi nkhalamba kufunsa maina. Agogo anga adali ndi dzina la kadontho ka utsi kaja. Adandiuza kaŵiri, ine ndili kalikiliki kuloŵeza maina a nyanja za ku Canada pokonzekera mayeso a fomu 2. Tidaŵaika m'manda chaka chatha, ndipo aliyense amene ndamufunsa m'mudzi mwathu akungoti, "Akadakhalapo aja."