Thanki yopanda petulo ndiyo imapha

Nyengo yokolola ikafika ku Kaumbwe, ma Land Rover, ma Datsun ndi ma Peugeot 504 akale ndiwo amanyamula cimanga, nshawa ndi thonje kupita ku Petauke ndi ku Nyimba. Ndiwonso amathamangitsa odwala kucipatala usiku. Sitikuwanyoza ai. Koma tili ndi nkhawa ndi mmene mathanki ao amakonzedwela akayamba kudontha.

Thanki yacitsulo imacita dzimbili cifukwa ca madzi. Madziwo amalowa ndi petulo wa m'zigubu, kapena amapangika ngati mame m'thanki imene imakhala yosadzaza. Popeza amalemela kuposa petulo, amakhala pansi ndi kudya citsulo mpaka kuboola.

Mwini motoka amamata sopo, ndipo sopoyo akalephela amapita kwa wowochelela. Apa ndi pamene pali imfa. Ambili amaganiza kuti akakhuthula petulo ndi kutsukuluza ndi madzi, ndiye kuti zatha. Si zoona. Cimene cimaphulika si petulo wamadzi koma nthunzi yake ikasakanikilana ndi mpweya. Magawo 2 cabe a nthunziyi pa magawo 100 a mpweya ndi okwanila. Petulo wobisala m'dzimbili ndi m'misoko amatulutsa nthunziyo citsulo cikangotentha.

Ena amapopela utsi wa motoka m'thanki asanayatse moto. Uku ndi kuchova njuga ndi moyo. Tisaiwale za ku Caphiridzange m'cigawo ca Tete, kumene mu November 2016 anthu oposa 70 anafa pamene cimotoka conyamula mafuta cinaphulika. Thanki ya motoka ndi yaing'ono, koma ikwanitsa kupha mmisili ndi mwana amene akumugwilila nchito.

Malangizo athu ndi awa. Ngati dzimbili lafalikila, gulani thanki ina, cifukwa cigamba sicigwila pa citsulo cofumbwa. Ngati boo ndi limodzi, thanki icotsedwe pa motoka, itsukidwe ndi nthunzi ya madzi owila, ikhale yotsegula, ndipo idzazidwe madzi mpaka pafupi ndi powochelela. Ana ndi oonelela akhale kutali.

Tipempha TEVETA ndi makhonsolo a Petauke ndi Nyimba kuti afikile amisili a m'misika ndi maphunzilo aafupi, pakuti ambili anaphunzila nchitoyi poonela cabe. RTSA nayo iziyang'ana mathanki popima mamotoka.

Inu eni mamotoka, musakakamize mmisili kufulumila cifukwa katundu akudikila. Thanki ina igulika, koma munthu sagulika.