Madzi ofunda pakhomo si za mabwana okha



M'mizinda monga Tete ndi Lilongwe, anthu opeza bwino amangotsegula mpopi wa m'nyumba, madzi otentha n'kutuluka nthawi yomweyo. Amatenthetsedwa ndi thanki yamagetsi yotchedwa giza, kapena ina ya padenga yoyendera dzuwa. Kuno ambirife timatunga pamjigo kapena pachitsime, choncho timati izi n'za mabwana. Ine ndikuti ayi. Madzi ofunda opezekeratu pakhomo ndi nkhani ya umoyo.

Nonse mukudziwa kuzizira kwa kumapiri kuno mu Juni ndi Julayi. Madzi akamaluma zala, mwana amachoka kuchimbudzi n'kupita kukadya osasamba m'manja. Umo ndi mmene matenda otsegula m'mimba amalowera m'banja. Musaiwale kolera wa mu 2022 ndi 2023, amene anapha anthu opitirira 1,700 ku Malawi ndipo anafikanso m'chigawo chathu cha Tete. Chimene chimachotsa tizilombo m'manja ndi sopo ndi kutikita bwino, ngakhale madziwo akhale ozizira. Koma madzi akakhala ofunda, mwana sathawa kusamba.

Nanga tichite bwanji popanda magetsi? Dzuwa tili nalo, ndipo silifuna ndalama. Pezani chigubu chakuda, kapena chipakeni utoto wakuda kunja kwake. Chidzazeni madzi m'mawa, chitsekeni, muchiike padzuwa pamalo opanda mphepo. Pofika masana madzi amakhala atafunda. Athireni m'kachigubu ka mpondagiya pafupi ndi chimbudzi, sopo ali pomwepo. Mpopi wanu wa madzi ofunda ndi umenewo. Tsiku la mitambo, tenthetsani madzi pamakala otsala mukaphula nsima, ena musunge m'fulasiki kuti athandize usiku. Nkhuni zipulumuka, ndipo amayi apumako.

Koma chonde, chigubu chimene munali petulo kapena mankhwala opopera fodya ndi kachewere musachigwiritse ntchito, ngakhale mutachitsuka kangati. Dziwaninso kuti madzi ofunda ndi dzuwawa ndi osamba basi. Akumwa awire mpaka kubwata kwa mphindi imodzi yathunthu, kapena athiridwe Certeza kapena WaterGuard potsata malangizo a pabotolo.

Madzi otentha ndi oopsanso kwa ana. Nyengo yozizira ana amaunjikana pamoto, ndipo poto wa pamafuwa sachedwa kugudubuka. Posambitsa mwana, yambani kuthira madzi ozizira m'beseni, otentha pambuyo, kenaka yesani ndi chigongono. Khanda lobadwa kumene lidikire maola 24 lisanasambitsidwe. Mwana akapsa, thirani madzi ozizira aukhondo pabalapo kwa mphindi 20, kenaka thamangirani naye kuchipatala. Musapakepo dzira, mafuta, dothi kapena mankhwala otsukira mano.

Abambo, ntchitoyi musaisiyire amayi okha. Tsiku la msika mukagulitsa kachewere, gulani chigubu chatsopano ndi sopo musanaganize za botolo. Kumanga mpondagiya ndi ntchito ya tsiku limodzi. Mafumu ndi makomiti a zaumoyo, yambani inu pakhomo panu kuti ena aonere. Mipopi ya m'nyumba tipitirize kuipempha kwa atsogoleri athu, koma ana athu asadwale tikudikira. Paja kupewa kuposa kuchiza.